Kuchokera ku Midzi ya ku England Kufika ku Likoma ndi Msoro: Mbiri ya Kamangidwe ka Tchalitchi

Mawu Oyamba

Munthu woyenda m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amaona matchalitchi ambiri omangidwa mofanana: nyumba yaitali, khomo kumapeto amodzi, malo a wotsogolera mapemphero kumapeto enawo, ndi belu pafupi. Ambiri a ife tinakula tikuyesa kuti umo ndimo nyumba ya Mulungu iyenera kukhalira. M'nkhani ino tikufuna kusonyeza kuti kamangidwe kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo tilondola njira imodzi imene kanadzera, ya mpingo wa Anglican, kuchokera ku midzi ya ku England, kudzera pa chilumba cha Likoma, kufikira ku Msoro ndi Katete. Mfundo yathu ndi yakuti ngakhale maonekedwe a nyumbayi anachokera kutsidya kwa nyanja, malo omangapo, manja omanga ndi mawu oitchulira zinali zakuno. Choncho tchalitchi chakale ndi umboni wa mbiri ya anthu athu ndi chiyankhulo chawo.

Tchalitchi cha Pamudzi ku England

Anormani atalanda dziko la England mu 1066, ntchito yomanganso matchalitchi a m'midzi ndi miyala inakula kwambiri. Nyumbazo zinali ndi zipupa zochindikala, mawindo aang'ono ndi makomo opindika pamwamba ngati uta. Chitsanzo chodziwika ndi tchalitchi cha m'mudzi wa Kilpeck, chomangidwa cha m'ma 1140. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 amisiri anayamba kumanga makomo ndi mawindo osongoka pamwamba, ndipo pofika m'ma 1400 mawindo anali atakula kwambiri. Tchalitchi cha ku Lavenham, chimene chinamangidwanso pakati pa 1485 ndi 1525, chinadalira kwambiri chuma cha amalonda a nsalu zaubweya.

Nyumbayi inali ndi zigawo ziwiri. Chakum'mawa kunali guwa ndi malo a wansembe, ndipo mbali imeneyi ankaisamalira ndi wolandira chakhumi cha parishiyo. Chakumadzulo kunali chipinda chachikulu cha anthu wamba, chimene eni mudzi ankachikonza okha. Pakati pa zigawo ziwirizi pankakhala mpanda wa matabwa osemasema. Mwala wobatizira unkaikidwa pafupi ndi khomo, kusonyeza kuti ubatizo ndiwo polowera mumpingo. Mbadwo uliwonse unkawonjezerapo chake: ena khonde, ena nsanja ya mabelu, ena zenera. N'chifukwa chake akatswiri a mbiri ku England amadziwa za kulemera ndi kusauka kwa mudzi poyang'ana miyala ya tchalitchi chake, pamodzi ndi mabuku a ubatizo, maukwati ndi maliro amene parishi iliyonse inalamulidwa kusunga kuyambira mu 1538.

Njira ya ku Likoma

Kuyambira mu 1547 mafano ndi zithunzi zambiri zinachotsedwa m'matchalitchiwa, ndipo ulaliki unayamba kuposa guwa. Koma mu 1833 ku Oxford kunabuka gulu lofuna kubwezeretsa miyambo yakale ya mpingo, ndipo mu 1839 ku Cambridge kunakhazikitsidwa bungwe la Cambridge Camden Society, limene linkaphunzitsa kuti tchalitchi chenicheni ndi chomangidwa monga zija zakalezo. Bungwe la amishonale la UMCA, limene linayamba potsatira pempho la David Livingstone ku Cambridge mu 1857, linali la anthu a maganizo amenewa.

Bishopu Charles Mackenzie atamwalira mu 1862, ntchito imene anaiyamba ku Magomero inalephereka, ndipo amishonalewo anasamukira ku Zanzibar mu 1864. Kumeneko Bishopu Edward Steere anamanga tchalitchi pamalo pamene panali msika wa akapolo. Atakhazikika pa Likoma mu 1885 anachitanso zofananazo. Malo amene anamangapo tchalitchi chachikulu amatchedwa Chipyela, chifukwa pamenepo ndi pamene ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Dzinali lichokera ku tsinde limene ife timati -psa, pamene anthu a kunyanja ndi Ansenga amati -pya.

Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko a tchalitchi cha Petro Woyera mu Januwale 1903. Nyumbayo inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1905, ndipo inapatulidwa mu Novembala 1911. Wojambula ndi woyang'anira ntchitoyo anali Frank George. Nyumbayi ili ndi maonekedwe a mtanda, ndipo kutalika kwake kukuyandikira mamita 100. Miyala inaswedwa pachilumba pomwepo, koma njerwa, laimu ndi mitengo zinawoloka nyanja kuchokera kumtunda, pamene simenti, malata ndi magalasi zinachokera ku England. Oswa miyala, omanga, opala matabwa ndi osenza katundu anali anthu akuno, ndipo ambiri anaphunzira umisiriwo pa ntchito yomweyo. Komabe mbiri yolembedwa imatchula kawirikawiri mayina a mabishopu ndi wojambula uja, pamene amisiriwo imangowatchula monga gulu.

Msoro ndi Katete

Dziko limene lero ndi Zambia linalandira bishopu wake woyamba wa Anglican, John Edward Hine, mu 1910. Amene anadzipereka kukakhazikitsa mpingo ku Msoro anali Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia kufupi ndi Nkhotakota, amene anaphunzira ku Zanzibar nadzozedwa unsembe mu 1909. Iye anatumikira ku Msoro mpaka imfa yake mu 1913. Apa tikuona kuti mwambo wa mapemphero wa ku Likoma, pamodzi ndi dongosolo la nyumba lofunika pa mwambowo, zinafika m'chigawo cha Kum'mawa m'manja mwa munthu woyankhula Chichewa. Ntchito ya ku Msoro ndiyo inabala chipatala cha St Francis ku Katete, chimene wansembe amenenso anali dotolo, Francis Trefusis, anachiyamba mu 1948. Pamene dayosizi ya Anglican ya Kum'mawa kwa Zambia inakhazikitsidwa mu 1995, tchalitchi cha Luka Woyera ku Msoro ndicho chinakhala mpando wa bishopu.

Sitikunena kuti matchalitchi onse a m'dera lino anadzera njira imeneyi. Amishonale a Dutch Reformed, amene anatsegula Magwero mu 1899 ndi Nyanje, m'boma la Sinda la lero, mu 1905, anaika malo olalikira patsogolo pa zonse. Akatolika, monga a ku Vubwi, anasunga guwa. Munthu akalowa m'nyumba yopanda anthu angathe kudziwa chiphunzitso cha eni ake poona chimene chili kutsogolo.

Umboni wa Mawu

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, chofunika kwambiri ndi mawu amene makolo anatchulira nyumba yachilendoyi. Mawu oti tchalitchi ndi belu anabwerekedwa ku Chingerezi, koma mawu okhudza chipembedzo chenichenicho ndi akale. Kachisi kanali kanyumba koperekeramo nsembe kwa mizimu, makamaka popempha mvula, ndipo omasulira Buku Lopatulika la 1922 anatenga mawu omwewa potchula nyumba ya Mulungu ya ku Yerusalemu. Guwa ndi malo okwera oumbidwa ndi dothi. Nsembe ndi ufa kapena mowa wothiridwa kwa mizimu, ndipo wansembe anali wotsogolera mwambowo. Nsanja inali ya kumunda, yoingitsira anyani ndi mbalame, pamene mtanda unali mtengo wopingasa padenga. Mawu aliwonse mwa awa anatenga tanthauzo latsopano osataya lakale, ndipo akusonyeza kuti olandira Chikhristu anachimva kudzera m'zimene ankazidziwa kale.

Mawu Omaliza

Ku England miyala inatha zaka mazana asanu ndi atatu kudikira akatswiri oiwerenga. Matchalitchi athu a njerwa ndi dothi sangatidikire chotero: chiswe ndi mvula zimawagwetsa, ndipo mpingo ukakula umagumula chakale n'kumanga chatsopano. Tikupempha aphunzitsi a Chinyanja ku Katete, Sinda ndi Vubwi kuti atume ophunzira awo kwa akuluakulu a mipingo, akafunse amene anaumba njerwa, kumene kunachokera belu, dzina limene malowo anali nalo tchalitchi chisanamangidwe, ndi mawu amene amisiri ankatchulira zigawo za nyumbayo. Mayankhowo alembedwe m'chiyankhulo chomwe akuluakuluwo ayankhira, mayina a amisiri alembedwe onse, ndipo chikalata chimodzi chisungidwe kusukulu, china kutchalitchi.