Chipembere winayo

Ndikatchula Chipembere m'kalasi, ana a Fomu 4 amangoganiza za Henry Masauko. Nyama yeniyeniyo ambiri sanaionepo, ndipo sindiwadzudzula.

Kale zipembere zinkapezeka ku Kasungu ndi ku Mwabvi. Anthu ofuna nyanga anazisaka mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'Malawi munalibe ngakhale chimodzi. Mu 1993 tinachita kuitanitsa ziwiri kuchokera ku Kruger, ku South Africa, n'kukaziika mumpanda ku Liwonde. Mu 2019 kunabwera zina 17, ndipo alonda amazilondola mosalekeza.

Anzathu a ku Namibia, dziko lachipululu, sanadikire kuti zithe. Mu 1982 bungwe la Save the Rhino Trust linayamba kugwira ntchito ndi anthu a m'midzi, akatswiri otsata mapazi, kuti aziwerenga zipembere chimodzichimodzi. Zawo zinapulumuka.

Ife nkhondo yathu inathera kukhoti. Mu 2021 khoti la kuno ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, wa ku China, kukhala m'ndende zaka 14 pa mlandu wa nyanga za chipembere. Ku Area 3 kuno tinasangalala. Mu 2025 boma linamukhululukira.