Amisiri otseka ming'alu ku Vermont

Vermont ndi chigawo chaching'ono cha mapiri ndi nkhalango kumpoto chakum'mawa kwa America, kumalire ndi Canada. Anthu ake sapitirira 700,000. Nyengo yozizira imakhalitsa, chipale chofewa chimakwirira misewu kwa miyezi, ndipo nyumba zambiri n'zamatabwa, zomangidwa kalekale. Mabanja ochuluka amafunditsa nyumba zawo ndi mafuta kapena gasi wochokera kutali, ena nkhuni. M'chigawo chimenechi munakula ntchito imene kale inalibe mwini: yofufuza malo amene kutentha ndi magetsi zikutayikira m'nyumba, n'kuwatseka.

Chiyambi chake chinali mavuto. Mu Okutobala 1973 mayiko a Aluya anaimitsa kugulitsa mafuta ku America chifukwa chakuti dzikolo linkathandiza Israel pankhondo. Patangopita miyezi yochepa, mtengo wa mgolo umodzi unakwera kuchoka pa madola 3 kufika pafupifupi 12. Amene anamva kuwawa koposa anali okalamba ndi mabanja osauka a kumpoto, omwe ankagula mafuta odula n'kumatenthetsa nyumba zolowa mphepo paliponse. Mabungwe othandiza osauka m'madera anayamba kutumiza anthu odzipereka kukakhoma mapulasitiki m'mawindo ndi kumata mipata ya m'zitseko. Mu 1976 Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo limene linakhazikitsa Weatherization Assistance Program, ndondomeko ya boma yokonza nyumba za anthu opeza movutika kuti zisamataye kutentha.

Antchito oyambirira sanali amisiri. Ambiri anali malova amene boma linkawalipira kwakanthawi kudzera m'lamulo lophunzitsa anthu ntchito lotchedwa CETA. Ankafika ndi makwerero, misomali ndi phula lomatira, n'kutseka pamene maso aona. Zimene zinkachitika kudenga ndi mkati mwa makoma palibe ankazidziwa, ndipo panalibe njira yoonetsera mwini nyumba kuti ntchitoyo yapindula chiyani.

Chimene chinasintha zinthu chinali chipangizo chotchedwa blower door. Akatswiri a ku Sweden anachiyesa cha m'ma 1977, ofufuza a pa yunivesite ya Princeton anachipititsa patsogolo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kampani ya ku Minneapolis yotchedwa The Energy Conservatory inayamba kugulitsa mtundu wopepuka woti mmisiri n'kunyamula pagalimoto. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Mmisiri amatseka mawindo onse, amamangirira fani yaikulu pachitseko chakunja, n'kuiyatsa kuti ikoke mpweya wa m'nyumba kuutulutsa panja. Mphepo yakunja imathamangira mkati kudzera pa mng'alu uliwonse, ndipo geji imaonetsa kuchuluka kwa mpweya umene ukulowa. Zili ngati kumiza chubu cha njinga m'beseni kuti thovu liulule pamene paboola.

Zimene chipangizochi chinaulula zinadabwitsa ngakhale omanga nyumba. Mawindo, amene aliyense ankawaloza chala, sanali olakwa aakulu. Kutentha kwambiri kunkathawira kudenga, m'mipata yozungulira chumuni, mapaipi ndi mawaya, pamene mphepo yozizira inkalowera m'chipinda cha pansi pa nyumba. Kuyambira pamenepo ntchitoyi inafuna mutu. Amisiri anaphunzira kupopera cellulose m'makoma, amene ndi mapepala akale a nyuzi ogayidwa n'kuthiridwa mankhwala oletsa moto. Anaphunziranso kuti nyumba yotsekedwa mosasamala imasunga chinyezi, imamera nkhungu, ndipo ikhoza kubweza utsi wakupha wa carbon monoxide kuchokera m'ng'anjo. Choncho kuyeza ng'anjo asanachoke panyumba kunakhala lamulo la ntchito. Mu 1993 ku New York kunakhazikitsidwa Building Performance Institute, bungwe limene limayesa amisiriwa mayeso n'kuwapatsa masatifiketi.

Komabe luso palokha silidyetsa banja ngati malipiro akubwera chaka chino n'kusowa chaka chamawa. Apa ndi pamene Vermont inachita zosiyana ndi zigawo zambiri. Mu 1990 aphungu a ku Montpelier, likulu la chigawochi, anakhazikitsa thumba la chigawo lokonzera nyumba za osauka, ndalama zake zochokera ku msonkho wochepa pa malonda a mafuta ndi mphamvu zina zotenthetsera. Chaka chomwecho anthu a mumzinda wa Burlington anavota kuti kampani yawo ya magetsi ikongole madola 11.3 miliyoni, osati omangira malo opangira magetsi, koma othandizira nyumba ndi mabizinesi kugwiritsa ntchito magetsi ochepa. Patapita zaka zoposa makumi awiri, mzindawo unkagwiritsabe ntchito magetsi ochepa kuposa mu 1989.

Anthu awiri, Beth Sachs ndi Blair Hamilton, anali atayambitsa kale bungwe losachita phindu la Vermont Energy Investment Corporation mu 1986. Mfundo yawo inali yakuti magetsi opulumutsidwa ndi otsika mtengo kuposa magetsi opangidwa mwatsopano, choncho kupulumutsako kuyenera kukhala ndi bungwe lakelake. Mu 1999 aphungu ndi bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi anavomereza, ndipo mu 2000 Efficiency Vermont inayamba ntchito m'manja mwa bungwe la awiriwa. Inali yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko lonse la America yogwira chigawo chathunthu. Ndalama zake zambiri zimachokera ku kandalama kowonjezera pa bilu ya magetsi ya mwezi uliwonse.

Kandalama kameneka kanabala ntchito za mitundumitundu. Panafunika mainjiniya oyendera mafakitale kukaona mamota ndi makina oziziritsira, alangizi opita m'makola a ng'ombe za mkaka kukakonza mafani ndi mathanki, amisiri a magetsi osintha nyale m'masukulu ndi m'masitolo, komanso owerengera amene amatsimikizira kuti mphamvu zapulumutsidwadi. Ambiri mwa anthuwa salembedwa ndi Efficiency Vermont. Ndi makontilakitala ang'onoang'ono a m'matauni, mapulambala ndi akalipentala, amene makasitomala awo amabwezeredwa gawo la ndalama akasankha zipangizo zosadya magetsi. N'chifukwa chake ntchitoyi siionekera ngati makina amphepo oimikidwa paphiri. Koma malipoti amene boma la chigawochi lakhala likutulutsa kuyambira mu 2014 amasonyeza kuti mwa anthu onse ogwira ntchito za mphamvu zosawononga chilengedwe, gulu lalikulu koposa lili kumbali yopulumutsa mphamvu.

Zaka za 2009 mpaka 2012 zinaonetsa poyera kuipa kwa ndalama zobwera ngati madzi osefukira. Pofuna kudzutsa chuma chitagwa, boma la Barack Obama linaika madola 5 biliyoni mu ndondomeko yokonza nyumba ija. M'dziko lonse mabungwe analemba antchito mwaunyinji, anagula magalimoto, anatsegula malo ophunzitsira. Ndalamazo zitatha, bajeti ya 2012 inapereka madola 68 miliyoni okha, ndipo amisiri ambiri amene anali atangophunzira anachotsedwa n'kulowera kwina. Ku Vermont thumba la 1990 linachepetsa ululuwo, moti mabungwe asanu amene amagwira ntchitoyi, monga Capstone Community Action ya ku Barre ndi BROC ya ku Rutland, anapitiriza kutumiza magulu awo m'midzi.

Masiku ano chosowa ndi anthu ogwira ntchitoyo. Mu 2008 aphungu analonjeza kuti pofika 2020 nyumba 80,000 zidzakhala zitakonzedwa, koma chiwerengerocho sichinafikiridwe. Ndondomeko yolimbana ndi kusintha kwa nyengo ya mu 2021 inaikanso cholinga cha nyumba zina 90,000 pofika 2030. Ntchitoyi ndi yowawa: kukwawa m'denga lotentha m'chilimwe, kugwada m'chipinda chapansi chonyowa m'chisanu, chophimba kukamwa chili kumaso tsiku lonse. M'madenga ena akale muli vermiculite wosakanikirana ndi asibesitosi, ndipo gulu silingayambe ntchito asanachotsedwe. Amisiri ambiri a zomangamanga m'chigawochi akukalamba, pamene achinyamata amapeza malipiro ofanana pantchito zopepukirapo.

Mabungwe ophunzitsa akuyesetsa kukopa anthu amene kale sankaganiziridwa. Vermont Works for Women, lomwe linayamba mu 1987, limaphunzitsa amayi ukalipentala, za magetsi ndi ntchito zina za manja. Wolowa lero amayamba ndi kunyamula paipi yopopera cellulose, kenako amatsogolera gulu, ndipo akakhoza mayeso amakhala woyeza nyumba kapena woyendera ntchito za anzake. Ena amaphunzira kuika makina a heat pump, amene amatenthetsa nyumba ndi magetsi m'malo mwa mafuta, n'kutsegula kampani yawoyawo.