Chimene chimachititsa droni kupotoloka yokha m'mwamba

Midzi ya Akunda yoyandikana ndi malo osungirako nyama a South Luangwa, monga Kawaza m'boma la Mambwe, imataya mbewu chaka ndi chaka chifukwa cha njovu. M'dziko la Tanzania alonda a nyama anayesapo kupirikitsa njovu m'minda ndi madroni, timandege touluka popanda munthu m'kati, ndipo anaona kuti njovu zimathawa kulira kwake. Koma droni imene ikupotoloka yokha singalondole njovu. M'chigwa chotentha ndi chafumbi ngati cha Luangwa, vutoli silisowa poyambira.

Droni ya mapiko 4 ilibe chiwongolero kumchira. Mapiko awiri oyang'anana mopingasa amazungulira cha kumanja, awiri enawo cha kumanzere, motero mphamvu zawo zopotola thupi la droni zimathetsana. Ikafuna kutembenuka ili pamalo amodzi, kompyuta yake imafulumizitsa awiri n'kuchedwetsa enawo. Kutembenuka kumeneku, komwe akatswiri amati yaw, n'kofooka poyerekeza ndi kupendekera kutsogolo kapena m'mbali, n'chifukwa chake kachilema kakang'ono kamaonekera msanga kumeneku.

Oyamba kumene amathamangira kusintha manambala m'kompyuta, pamene kawirikawiri cholakwika chimakhala chooneka ndi maso. Phiko lothetheka, mota yopendekeka droni itagwa, kapena fumbi lolowa m'mota zimachititsa kuti mbali imodzi ikoke kuposa inzake. Chizindikiro chake n'chakuti mota ziwiri zopingasana zimatentha kuposa zinazo droni ikatera. Poyesa mota pansi, mapiko onse ayambe achotsedwa, pakuti amacheka zala.

Kampasi ndiyo imasokoneza ambiri. Imamva chitsulo chilichonse: malata, galimoto, mjigo, ngakhale mawaya a batire la droniyo. Ikasemphana ndi GPS, droni imayamba kuyenda mozungulira, bwalo lake n'kumakulirakulira. Zikatero woyendetsa aisinthire ku kaulukidwe kosadalira GPS ndi kuitsitsa, kenaka akakonze kampasi pabwalo lopanda zitsulo, foni ndi makiyi atazisiya patali.

Manambala otchedwa PID, omwe amapezeka m'mapulogalamu monga ArduPilot ndi Betaflight, amabwera pomalizira. P ndi mphamvu yobwezera droni kumene iyenera kuyang'ana. Ikachuluka droni imanjenjemera, ikachepa imachedwa kumvera. I amaigwira kuti isatengeke pang'onopang'ono ndi mphepo. D pa yaw nthawi zambiri amasiyidwa wochepa kwambiri kapena pa 0. Nambala imasinthidwa imodzi pa ulendo umodzi, apo ayi palibe angadziwe chimene chathandiza.

Mu Okutobala kutentha m'chigwachi kumapitirira madigiri 40. Mpweya wotentha umapepuka, mota zimagwira ntchito mwamphamvu kuti droni ingoima m'mwamba, ndipo mphamvu yotsala yotembenukira imachepa. Choncho droni yokonzedwa m'mamawa iyenera kuyesedwanso masana.

Maphunziro a ntchitoyi ali pafupi. Dziko la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserako madroni ku Kasungu mu 2017, ndi sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020. M'Zambia zouluka zimayang'aniridwa ndi Civil Aviation Authority, ndipo kuulutsa droni m'malo osungirako nyama kumafunanso chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.