Katundu wa Kavalo pa Mutu wa Munthu: Mbiri ya Mtengatenga pa Likhubula

M'chigwa cha mtsinje wa Clyde ku Scotland muli tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Chigwa chomwechi ndiko kwawo kwa akavalo a mtundu wa Clydesdale, zinyama zadzaoneni zolemera makilogalamu 800 kapena kuposa, za ziboda zotambalala ngati mbale ya nsima. Amishoni ndi amalonda a ku Scotland amene anabwera kuno ku Malawi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anakulira pakati pa nyama zimenezi. Kwawoko pulawo, ngolo ya malasha ndi zipika za mitengo zonse zinkakokedwa ndi kavalo. Atafika kuno anapeza kuti kavalo sakhalitsa.

Livingstone mwiniwake anayesapo nyama zina. Mu 1866, poyamba ulendo wake womaliza, anatsata mtsinje wa Rovuma ali ndi ngamila, njati zoweta za ku India, nyulu ndi abulu, kuti aone ngati zingapirire kashembe. Pafupifupi zonse zinafera m'njira asanaione nyanja ya Malawi, zina ndi matenda, zina chifukwa cha nkhanza za ozikusa. Chimene chinkapha ziweto m'madera a kashembe chinadziwika mu 1895, pamene dokotala David Bruce anapeza ku Zululand kuti ntchentcheyi imasiya tizilombo m'magazi a nyama imene yailuma. Bruce yemweyo anadzagwiranso ntchito ku Nyasaland kuyambira mu 1911, pofufuza matenda a kaodzera. Ndiye panalinso mliri wina wa akavalo okhaokha, wofalitsidwa ndi touluka ting'onoting'ono toluma usiku, umene umatha kupha akavalo asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse amene awugwira. Ku Cape, mliriwu unapha akavalo pafupifupi 70,000 mu 1854 ndi 1855.

Akavalo ochepa amene anapirira ankasungidwa m'malo okwera ndi ozizira monga ku Zomba, ndipo ntchito yawo inali yokwerapo mabwana. Katundu yense anatsalira munthu. Thonje, khofi, fodya, malata, mchere, zonse zinkayenda pa nkhata ya amtengatenga, pamene bwana ankanyamulidwa m'machila ndi amuna osinthana mapewa akuthamanga. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza, mtengatenga unayamba kuchepa m'zigwa, ndipo malole anadzautsiriza. Koma pa Likhubula, patsinde la phiri la Mulanje chakumadzulo, ntchitoyi sinathe, chifukwa njira zake n'zokwera pamiyala yoterera pamene gudumu silidutsa ndipo chiboda sichigwira.

Chimene chinakokera anthu kumwambako ndi mkungudza. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakwera phirili n'kutenga zitsanzo za mtengowu, ndipo dzina lake la sayansi, Widdringtonia whytei, limakumbutsa za iyeyo. Matabwa ake safumbwa, chiswe chimawathawa, ndipo fungo lake silitha. Boma la atsamunda linawafuna pomanga nyumba ndi maofesi. Mu 1927 phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula inadzasanduka chipata cha phiri lonse.

Ntchito yake inali yotere. Amuna awiri ankacheka chipika ndi sowo yaitali, wina ali pamwamba wina m'dzenje, utuchi ukumugwera m'maso. Matabwa akatuluka, onyamula ankawasenza pamutu n'kuyamba kutsika, ambiri opanda nsapato. Kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phirili, kudzafika pa Likhubula munthu amatsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo thabwa lalitali silikhota msanga pakona ya njira. Munthu ankayenera kutembenuka thupi lonse, khosi lili chilili, phazi likufufuza mwala umene maso sakuuona. Pambuyo pake a zankhalango anamanga chingwe chachitsulo chotsitsira mitengo kuchokera ku Chambe, ndipo njira ya Skyline imene alendo amakwera lero inatengera dzina pa chingwe chimenecho. Chingwecho chinathandiza mbali imodzi ya phiri. Kwina konse mutu unapitiriza ntchito yake.

Apa m'pofunika kuyang'ana mmene eni akavalo ankasamalira nyama zawo, chifukwa nzeru zimenezo zinalipo kale pamene mtengatenga unali pachimake. Woweta kavalo wamkulu amadziwa kuti chimene chimayamba kutha ndi malo olumikizana mafupa a miyendo. Chichereweche chimene chimateteza nsonga za mafupa chimaperepeseka, mafupa amayamba kukhulana, ndipo thupi limameretsa fupa lina losafunika pamwamba pa chiboda. Kavalo wotere amadzuka movutika m'mawa wozizira, amafupikitsa mayendedwe, amakana kutsetsereka. Choncho mwini wake amamudula ziboda pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, samulola kunenepa kwambiri, amamuyalira pofewa pogona, ndipo amamuyendetsa pang'onopang'ono tsiku lililonse kuti miyendo isaume. Okwera pa akavalo ali ndi lamulo lawo lakuti nyamayo isasenze zoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Ndipo mu 1886, kutatsala zaka zisanu kuti Whyte akwere Mulanje, mayi Ann Lindo anakhazikitsa malo otchedwa Home of Rest for Horses, opumulirako akavalo otopa ndi kukoka ngolo m'misewu ya London.

Bondo la munthu limatha mwa njira yomweyo. Potsika phiri, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kangapo pa phazi lililonse limene waponda, ndipo katundu wa pamutu amawonjezera pomwepo, kwinaku akupanikiza mafupa a khosi ndi msana. Mnyamata wa zaka 20 sazimva zimenezi. Amadzazimva ali ndi zaka 50, m'nyengo ya chiperoni, pamene mawondo akana kupindika, ndipo kumudzi amangoti agogo ali ndi nyamakazi. Wosenza matabwa wolemera makilogalamu 60 akanatsata lamulo la kavalo lija, bwenzi akunyamula makilogalamu 12 okha. Aliyense amene anakumanapo ndi wosenza matabwa kapena mtolo wa nkhuni panjira ya Chapaluka akudziwa kuti katundu wake amaposa pamenepo kutalitali, ndipo osenza nkhuniwo ambiri ndi amayi.

Mkungudza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma macheka, akuba ndi moto sizinauleke. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha, ndipo tsopano bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzake akubzala mbande zatsopano, zimenenso zimakwera phiri pamutu pa anthu. Ana ndi zidzukulu za ocheka matabwa ambiri asanduka operekeza alendo ndi onyamula zikwama zawo, kupita nawo ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002. Ali ndi bungwe lawo, amalandira alendo mosinthana, ndipo mitengo ya pa tsiku ndi yodziwika. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi masiku a machila.

Mphamvu zawo zili ndi tsiku lake lozionetsera. Mpikisano wa Porters Race, umene poyamba unali wa onyamula katundu ndi operekeza alendo okha, umayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, mtunda woposa makilomita 20. Mlendo amauyenda masiku awiri. Opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo pali chiyembekezo chakuti alendo achuluka. Nthawi yokonza zinthu ndi inoyo. Ku phiri la Kilimanjaro ku Tanzania katundu wa mlendo amapimidwa pa sikelo pachipata, ndipo wonyamula saloledwa kupitirira makilogalamu 20. Sikelo yotero pa Likhubula si chinthu chodula. Chovuta kwambiri ndi ukalamba. Lamulo la penshoni limateteza munthu wolembedwa ntchito, pamene wonyamula katundu amalipidwa pa ulendo, ndipo tsiku limene bondo lakana malipiro amathera pomwepo. Kachigawo kochepa ka ndalama zimene mlendo aliyense amalipira pachipata kakanatha kupita m'thumba la onyamula katundu okalamba, loyendetsedwa ndi bungwe lawo lomwe, loti lizilipira ulendo wa kuchipatala, mankhwala a nyamakazi ndi nsapato zolimba za achinyamata amene akungoyamba kumene ntchitoyi.