Geti la Ndende ndi Mbale ya Wachibale

Makolo athu a m'mbali mwa nyanja sankadziwa nyumba yosungiramo olakwa. Munthu akapalamula, mlandu unkakambidwa pamphala, abale ake n'kusonkha mbuzi kapena nkhuku za dipo. Zilango zoopsa zinaliponso, monga kumwetsa mwavi ndi kugulitsa munthu ukapolo, ndipo sitiyenera kuzikometsera. Koma zotenga munthu n'kumutsekera kumpanda zaka zambiri, abale ake atatsala kunja, zinabwera ndi boma la atsamunda kuyambira mu 1891. Chiyambire nthawi imeneyo, moyo wa mkaidi m'dziko muno wakhala ukudalira kwambiri chinthu chimodzi: kodi wachibale wake aloledwa kufika pageti?

Anthu a ku Chintheche anaona msanga mmene boma limapatulira munthu kwa anthu ake. Mu 1908 Elliot Kamwana anabwerera kwawo kuno ndi uthenga wa Watch Tower, ndipo m'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000, zimene zinadetsa nkhawa amishoni a ku Bandawe ndi aboma omwe. Mu 1909 anamugwira n'kumuchotsa m'dera lino. Kenako anamutumiza kuzilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo anadzapondanso kwawo mu 1937. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, ndipo lamulo loyendetsera ndende linalembedwa mu 1955. Zonse ziwirizi dziko linazilandira monga zinalili pamene linapata ufulu.

Tsiku la 3 Malichi timalikumbukira ngati la anthu ofera dziko, koma ku Nkhata Bay linalinso tsiku la abale a akaidi. Mu 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe, ena mwa omangidwawo anawakweza m'sitima ya Mpasa kuti apite nawo kum'mwera. Khamu la anthu linatsikira kudoko kukafuna anthu awo. Asilikali anaombera. Lipoti la komiti yofufuza ya Devlin linawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo, pamene eni dera amanena kuti anaposa pamenepo. Omangidwa a nthawi imeneyo anamwazidwira ku Kanjedza ku Limbe, ena ku Khami ndi ku Gwelo m'dziko la Southern Rhodesia, kutali kumene mayi wa ku Chintheche sakanafikako ndi mtanga wake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amene anatuluka m'ndende zimenezo anadzamanga zawo. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi munthu ankatha kusungidwa ku Dzeleka kapena ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo boma la Nkhata Bay linaperekanso ana ake. Aleke Banda wa ku Tukombo anakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992 osaonekera kukhoti. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa pa 24 Disembala 1981, khoti lamakolo linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilangocho n'kudzasinthidwa kukhala cha moyo wonse. Awiriwa anali m'ndende imodzi ya Zomba koma anatha zaka zisanu ndi zitatu osaonana, kufikira pamene gulu la maloya a ku Britain linawayendera mu 1992. Patangopita masabata ochepa, pa 20 Okutobala, Orton anamwalira ali m'ndendemo. Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo pambuyo pake bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linamupatsa udindo woyendera ndende za mu Africa.

Amene analemba malamulo aakulu a dziko a 1994 ankazikumbukira zonsezi. Gawo 42 limanena kuti womangidwa asungidwe mwaulemu woyenera munthu, adyetsedwe mokwanira, alandire mankhwala pa ndalama za boma, komanso aziyenderedwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, abale, mbusa ndi dokotala. Gawo 169 linakhazikitsa bungwe loyendera ndende lotsogozedwa ndi jaji. Bakili Muluzi atangolowa m'boma analamula kuti ndende za Mikuyu, Dzeleka ndi Nsanje zitsekedwe. Dzeleka inasanduka msasa wa othawa kwawo, koma Mikuyu inadzatsegulidwanso, chifukwa akaidi ankangochuluka.

Apa ndi pamene nkhani inasintha nkhope. Andale anatuluka, m'maselo munadzaza anthu wamba: wakuba mbuzi, wopezeka ndi chamba, womenyana pamowa, ndi ambirimbiri a pa rimandi amene khoti silinawapeze olakwa koma alibe wowaimira kapena wowatengera belo. Aliyense amene anagonako amaidziwa shamba, pakati pa selo pamene anthu amachezera usiku wonse chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, akulamula kuti uyu akhale apa, uyo apo. Ndowa ya chimbudzi ili pakona. Mphere sizitha. Madokotala atapima akaidi 914 ku Zomba mu 1996, anapeza kuti 47 anali ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mu Novembala 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma m'malo mwa anzake onse, khoti linagamula kuti kuthithikana kotere m'maselo osapita mphepo n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse vutoli ndi theka. Miyeziyo inatha, zaka khumi zinadutsa, chiwerengero chikukwerabe.

Nanga anthu ankapulumuka bwanji ndi chakudya cha kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo? Ankapulumuka ndi abale. Mayi wa ku Chintheche amene mwana wake ali kundende ya Nkhata Bay amalawirira kuphika kondowole, kumanga usipa wouma, sopo ndi mchere, n'kukwera galimoto pamsewu wa M5 ulendo wa makilomita pafupifupi 40. Mbale imene iye amapereka pageti simadyedwa ndi mwana wake yekha. Imagawidwa kwa amene kwawo n'kutali, imalimbitsa amene akumwa ma ARV, ndipo mayi yemweyo ndi amene amauza mwanayo ngati amalume apeza mboni za belo. Ine ndimaona kuti boma lakhala likuwerengera mbale imeneyi ngati kuti ili m'bajeti yake, ngakhale silinavomerepo.

Kenako kunabwera Covid-19. Peter Mutharika analengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi, ndipo odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Boma litafuna kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21, Jaji Kenyatta Nyirenda analetsa pa 17 Epulo, bungwe loteteza ufulu wa anthu la HRDC litadandaula kuti osauka alibe chodyera. Misika inapitirira, asodzi anapitirira kupalasa mabwato awo. Koma kundende geti linatsekedwa kwa alendo, ndipo akaidi pafupifupi 14,000, odzazana m'malo oyenera theka la chiwerengerocho kapena kucheperapo, anakhala Amalawi amene anabindikiritsidwadi. Mfundo imene inapulumutsa wogulitsa mandasi, yakuti usatsekere munthu usanamupatse chakudya, inkawakhudza iwo koposa aliyense.

Sindikunena kuti kuletsa alendo kunali kupanda nzeru. Kachilombo kolowa m'selo ya anthu opumirana kumaso kakanatha kupulula ambiri, ndipo oyang'anira ndende, amenenso ananyanyala ntchito mu Epulo womwewo pofuna zodzitetezera, anali ndi mantha oona. Koma malangizo oti titalikirane ndi kusamba m'manja pafupipafupi analibe tanthauzo pa shamba, ndipo geti lotseka silinaletse matendawa. Oyang'anira ankapita kwawo n'kubwerera, omangidwa atsopano ankalowabe. Mu Julaye kachilomboka kanapezeka kundende za Mzimba ndi Chichiri, ndipo ya Nkhata Bay nayonso inakhudzidwa. Amayi ena anasamutsidwira kundende zakutali kuti zipinda zawo zisanduke zosungiramo odwala, motero anatalikirana kwambiri ndi ana ndi abale awo.

Mu Ogasiti 2020 Lazarus Chakwera anakhululukira akaidi 499, ndipo ena anawachotserako miyezi pa zilango zawo. Kwa mabanja 499 chinali chisangalalo chenicheni, koma pa anthu 14,000 maselo sanapepuke mokwanira. Njira zina zinalipo kale. Kuyambira cha m'ma 2000 dziko lili ndi chilango chogwira ntchito zothandiza anthu m'malo mopita kundende, ndipo a bungwe lothandiza anthu pa milandu la PASI akhala akubweretsa mamajisitireti m'ndende momwemo kuti aunike milandu ya anthu a pa rimandi. Zimenezi zikanagwiritsidwa ntchito mwamphamvu chigamulo cha Masangano chitangoperekedwa, mliri ukanapeza maselo opumako.

Covid-19 itazilala, alendo anayambanso kuloledwa, koma dzenje limene mliri unavundukula silinakwiriridwe.  Mu Okutobala 2022, popanda lamulo lililonse lotseka mageti, akaidi a ku Zomba ndi m'ndende zina anakhala masiku angapo osalandira chakudya chifukwa ufa ndi nyemba zinali zitatha m'nkhokwe za ndende.