Mlonda wa Ndege m'Dziko Lathu

Anzathu otsogolera makalasi, kuno ku Nsadzo ndege timangoziona zikudutsa m'mitambo. Ambiri a ife sitinapondepo ngakhale pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete. Koma tsiku lina m'kalasi agogo ena anafunsa kuti: "Galimoto loonongeka amaliimitsa apolisi pamseu. Nanga ndege amaiimitsa ndani?" Funso limeneli liri ndi mbiri yake, tsono tiyeni tiilondole.

Kampani ya ndege ya m'Moçambique, DETA, inakhazikitsidwa nthawi ya Apwitikizi, m'caka ca 1936. LAM inalowa m'malo mwake mu 1980. Pakati apo, mu 1944, maiko anapangana ku Chicago kuti dziko liri lonse liziyang'anira ndege zake ndi oziyendetsa.

Wina anganene kuti izi n'za anthu olemera. Iai. Ena a ife tinali ana pa 19 Okutobala 1986, pamene ndege ya Pulezidenti Samora Machel, pocokera ku Mbala m'Zambia, inagwa ku Mbuzini. Anthu 35 anafa, ndipo maliro ake anafika m'mudzi uli wonse.

Mu 2001 boma linakhazikitsa bungwe la Instituto de Aviação Civil de Moçambique, mwacidule IACM. Ameneyu ndiye wapolisi amene agogo aja anafunsa. Amapereka ziphaso kwa oyendetsa ndege ndi makampani, amayendera mabwalo, amafufuza m'mabuku kuti aone ngati injini inakonzedwa pa nthawi yake. Akapeza colakwa ali ndi mphamvu yoletsa ndege kunyamuka.

Koma mlonda nayenso amayesedwa. Mu Epulo 2011 bungwe la maiko a ku Ulaya linaletsa makampani onse a ndege a dziko lathu kuulukira kumeneko. Mlandu sunali wa ndege imodzi ai, koma wakuti kuyang'anira kwathu kunali kofooka. Zinaticititsa manyazi, komabe akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Anchito anaphunzitsidwa, zofooka zinakonzedwa, ndipo mu Meyi 2017 ciletsoco cinacotsedwa. Kubweza mbiri yabwino kunatenga zaka 6.

Taonani cida ca mlonda ameneyu: si mfuti, koma buku ndi colembera. Makaniko amalemba zimene wakonza, woyendera amawerenga nasaina dzina lake. Mmodzi akasaina cinthu cimene sanaone, anthu osalakwa amakwera ndege osadziwa kuti moyo wao wagulitsidwa.

Nafenso tiri ndi mabuku, abale. Tikamalemba kuti wophunzira anabwera pamene anali kumunda, kapena kuti wadziwa kuwerenga pamene sanadziwe, tikucita zomwezo pang'onopang'ono. Sabata ino ŵerengani mbiriyi ndi kalasi lanu, ophunzira alembe zaka zimene tachulazi m'ndondomeko yake, ndipo muwafunse: kodi kusaina dzina lako kumatanthauza ciani?