Kamba wa ulendo wa ku phiri la Mulanje

Munthu amene wakonza zokwera phiri la Mulanje masiku ano, akafika pa Chitakale nayamba kugula mpunga, shuga, masamba a tiyi, machesi ndi kabotolo ka mafuta ophikira, akubwereza mwambo wakale ndithu, pakuti chiyambire phiri limeneli silinakondwerepo ndi mlendo wobwera chimanjamanja. Kumtundako kulibe sitolo kapena msika, ndipo galimoto siifikako. Chimene munthu waiwala kunsi wachiiwala basi, kufikira tsiku lotsika.

Makolo athu okhala m'mphepete mwa phirili, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, ankakwera kukasaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mankhwala, ndipo kamba wawo anali wochepa: kaphukusi ka ufa, mchere, nkhwangwa ndi chofunda. Kukonzekera kwawo kwenikweni kunali kwa mumtima, chifukwa ankakhulupirira kuti m'phirimo mukhala mizimu. Pa Dziwe la Nkhalamba, pamwamba pang'ono pa Likhubula, ankathira nsembe mvula ikavuta, ndipo mnyamata wokwera koyamba ankalangizidwa kuti asalankhule zopanda pake, asapatuke yekha, ndiponso akapeza chakudya chokonzedwa kale m'tchire adye mwakachetechete osaitana mnzake. Alipo ophunzira amene amaseka malangizo otere, koma ine ndiona kuti mkati mwake munali nzeru yosunga moyo, popeza munthu woopa phiri amayenda pafupi ndi anzake ndipo amamvera womutsogolera.

David Livingstone analiona phirili chapatali m'chaka cha 1859. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakwera nakapeza nkhalango za mkungudza, mtengo umene pambuyo pake akatswiri anautcha Widdringtonia whytei pokumbukira iyeyo. Ndipo mu 1893 boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kuti litseke njira ya ogula akapolo. Kuyambira nthawi imeneyo kukonzekera ulendo wa kuphiri kunasanduka ntchito ya masiku angapo. Mzungu sankanyamuka asanasonkhanitse atengatenga, amene aliyense ankasenza pamutu, pankhata, mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25: mahema, mabokosi a zakudya za m'zitini, kama wopinda, nyali, mfuti ndi ufa wa posho wa onyamulawo. M'njira za m'chigwa bwana ankagona m'machila, anthu akuthamanga naye ndi kuimba. M'mabuku a ulendo olembedwa m'zaka zimenezo mupezamo maina a azungu ndi utali wa nsonga zimene anayeza, koma amuna amene anakwera matanthwe omwewo opanda nsapato, chisanu chikuwalowa m'mafupa usiku, kawirikawiri anawerengedwa monga amawerengera katundu.

Mkungudza ndiwo unatsegula njira zambiri zimene alendo amayendamo lero. Mtengowu sufumbwa ndipo chiswe chimauthawa, motero unafunidwa kwambiri pa denga ndi pa zitseko za nyumba za boma ndi za mishoni. Phirili linalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. A zankhalango anamanga tinyumba pamwamba, ocheka matabwa nakumba maenje awo a macheka, wina ataima pamwamba pa chipika wina pansi utuchi ukumugwera kumaso, ndipo matabwawo ankatsika pamitu ya anthu. Mu 1952 okonda kukwera mapiri anakhazikitsa kalabu yawo, imene lero ikutchedwa Mountain Club of Malawi, ndipo mogwirizana ndi a zankhalango anasamala nyumba zogonamo alendo monga za pa Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Madzeka. Nyumba zimenezi zinapeputsa mtolo kwambiri, chifukwa hema silinafunikenso: mlendo akafika madzulo, miyendo ili njenjenje, amapeza mlonda atatunga madzi ndi kuwaza nkhuni, moto nuyaka pachiotho, fungo la utsi nilidzaza chipinda cha matabwa.

Koma denga ndi moto sizinasinthe khalidwe la phirilo. M'miyezi ya Meyi kufikira Ogasiti kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yamawawa yochokera cha ku Mozambique, imene imatha kuphimba njira yonse munthu asanamalize kumanga chingwe cha nsapato, nikhala masiku awiri kapena atatu osachoka. Miyala imaterera, timitsinje timene m'mawa munthu anadumpha timadzaza, ndipo wovala malaya onyowa pamalo okwera chotero thupi lake limazizira kufikira nzeru zitasokonekera. Mu 1949 mlembi Laurens van der Post, atatumidwa ndi boma la Britain kudzayendera phirili, anaona ndi maso ake imfa ya Fred France, mnyamata wa zankhalango amene anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje wosefukira, ndipo nkhaniyi anailemba m'buku lake la Venture to the Interior. Patapita zaka 60, mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiyana ndi womutsogolera kuti akafike yekha pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo mtembo wake unapezeka patatha masabata oposa awiri. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pano mawuwo sindiwanena modzudzula akufa, koma mochenjeza amoyo.

Wokonzekera ulendowu tsono ayenera kuyamba ndi munthu, katundu pambuyo. Pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango, mlendo amalembetsa dzina, kulipira ndi kupeza womutsogolera pamodzi ndi onyamula katundu, ana a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amene amadziwa kuwerenga mitambo ndi kuzindikira njira ngakhale nkhungu itatseka. M'chikwama muyenera kukhala juzi, chikhotho cha mvula, masokosi ouma osinthira, bulangete kapena thumba logonamo, tochi, ndi chakudya cha tsiku limodzi loposerapo, poti chiperoni sichipangana ndi munthu. Ndipo popeza namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phirili, miyala ndi matope nizikwirira midzi ndi kudula njira, n'kwanzeru kufunsa eni dera za njira imene ili bwino m'malo modalira mapu akale.

Zinthu zina zasintha mokondweretsa. Onyamula katundu ali ndi mpikisano wawo wa chaka ndi chaka, wothamanga kuchokera pa Likhubula kudzera pa Chambe ndi Lichenya ndi kubwerera, mtunda woposa makilomita 20 umene opambana amaumaliza m'maora osakwana atatu, pamene mlendo wamba amauyenda masiku awiri kapena kuposa. Bungwe la UNESCO, limene linazindikira phirili mu 2000 monga malo osungirako zachilengedwe, mu 2025 linalilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ya anthu olizungulira. Chomvetsa chisoni n'chakuti mkungudza wakale watha pafupifupi wonse ndi macheka akuba ndi moto wolusa, ndipo mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust akubzala pamodzi ndi anthu a m'midzi zidzatenga zaka makumi ambiri kuti zikhale mitengo.

Alendo akachuluka, monga tiyembekezera, mtolo udzagwerabe pamapewa a ana a Mulanje ndi Phalombe. Wogula kamba pa Chitakale awerengere ndi pakamwa pa womunyamulira chikwama, apangane naye malipiro asananyamuke, ndipo afunse ngati ali ndi chofunda ndi nsapato zokwanira usiku wa pamwamba pa phiri.